Mzere wa Alamu Anga

Alamu anga, amuna a mng'ono wanga, sanagwirepo golide m'manja, ngakhale ndolo yokha. Koma mukawapeza pabalaza atayang'ana kompyuta, mungati mgodi ndi wawo. Amagula ndi kugulitsa golide wa pa intaneti, ati mtengo wa mawa amauoneratu lero pa tchati. Tchaticho ndi timizati tofiira ndi tobiriwira, iwo amati makandulo. Amajambulapo mizere uku ndi uku, kenako n'kuloza ndi chala: "Apa mutu, apa mapewa. Mtengo ukwera basi!" Ine ndimaluka tsitsi tsiku lonse, koma mutu wotero sunabwerepo kusaluni kwanga.

Zikanakhala zawo zokha, bwenzi ndikungoseka. Koma bambo ameneyu anapinyolitsa makina osokera a mng'ono wanga kuti apeze mpamba. Makinawo ndi amene ankadyetsa nyumba yonse, ndipo wapinyolo anali atanena kuti mwezi ukatha asanawomboledwe, awagulitsa.

Nditamva, ndinatseka saluni n'kupita komweko. Ndinapeza mng'ono wanga akusoka diresi la kasitomala ndi singano ya pamanja, ngati mwana wa sukulu.

"Alamu, makina ali kuti?"

"Khalani pansi kaye, alamu, ndikuonetseni," iwo anatero, akumwetulira ngati dokotala. Anandilozera mzere wabuluu wopingasa pansi pa makandulo aja. "Mtengo ukafika apa umabwerera m'mwamba. Wachita kale zimenezi. Sungadutse."

"Ukadutsa?"

"Ukadutsa ndigulitsa nthawi yomweyo, ndalama zotsalazo tikawombolere makina. Ndi lamulo la ntchito yathu."

Ntchito! Munthu wosamba masana dzuwa lili paliwombo akuti ntchito yathu. Ndinatulutsa foni n'kujambula chithunzi cha tchaticho, mzere ndi manambala ake omwe. Ndinawauza kuti ine za mapewa sindizidziwa, koma kumwamba ndi pansi ndimakudziwa. Mng'ono wanga anangoweramira diresi lija.

Mwezi uli pafupi kutha ndinabwereranso. Alamu anali pampando womwewo, atavala malaya omwewo. Makandulo ofiira anali atatsika ndithu, koma mzere wabuluu unali pansi pawo bwinobwino.

"Mwaona? Sunadutse," iwo anatero.

Ndinatulutsa chithunzi changa n'kuchiyika pambali pa kompyuta. Abale inu! Mtengo unali utadutsa kalekale pamene panali mzere tsiku lija. Mzerewo ndi umene unatsika, kuthawa makandulo.

"Ndiye ulosi wanuwo ndi umenewu?" ndinakuwa. "Mtengo ukakutsutsani, mumangosuntha mzere? Nanga mungalakwe bwanji? Ngakhale ine ndingalosere mvula nditanyowa kale! Mulibe manyazi, alamu. Gulitsani pompano, tikatenge makina a mwanayu."

Iwo anangokanda chibwano. Amene anayankha anali mng'ono wanga, ali chiimire pakhomo la kuchipinda.

"Musawakalipire, asisi. Ndinausuntha ndine."

Ndinamuyang'ana. M'manja mwake munalibe singano, munali rula yake yoyezera nsalu. Anabwera n'kuigoneka pa galasi la kompyuta, mosamala ngati akufuna kudula kolala.

"Poyamba anaujambula polakwika," iye anatero. "Anayambira pa kandulo iyi, m'malo mwa iyi. Taonani, ukagunda apa ubwerera. Tikagulitsa lero taluza, asisi. Tingodikira pang'ono."

Ndinamva chisoni, kenako mkwiyo. Mwana amene ndinamubereka kumsana, amene ndinamuperekeza kukagula makina amenewo, lero akuyankhula za makandulo. Alamu ankagwedeza mutu monyadira ngati mphunzitsi amene mwana wake wakhoza mayeso.

Mwezi unatha. Makina aja ndinawaona ndekha pakhonde la wapinyolo, mayi wina akuyesa kupalasa chopondera chake. Pabalaza la mng'ono wanga panatsala madontho a mafuta pasimenti, pamene pankaima miyendo ya makinawo.

Dzulo anabwera kusaluni. Ndinkati wabwera kudzalira, ndipo ndinali nditakonzeka kumukumbatira. Iye anakhala pampando wa makasitomala, maso ake akuyendayenda, mpaka anaima pa makina anga owumitsira tsitsi.

"Asisi," anatero motsitsa mawu, akutulutsa foni, "awa mumawagwiritsa ntchito tsiku lililonse?"