Timadontho ta Bolopeni

Amuna anga akatuluka kosamba, asanavale ndi malaya omwe, ankakhala m'mphepete mwa bedi n'kumadetsanso timadontho ta pathupi pawo ndi bolopeni. Tina m'munsi mwa mawondo, tina pamimba, tina pamikono. Sopo akafufuta, iwo ankabwezeretsa. Mabedishiti anga onse anali inki yokhayokha.

Timadonthoto anakatitenga kuchipatala chachikulu. Bambowa anavutika zaka zambiri ndi chilungulira. Akadya, mimba inkafufuma, kugeya kwake mpaka okwera takisi yawo ankatsitsa mawindo. Ndiye anamva za kafukufuku. Madokotala ankafuna kudziwa ngati n'zoona kuti m'thupi muli mizere yosaoneka yochokera kumiyendo kukafika m'mimba, yoti ukabayapo timasingano matenda a m'mimba amachepa. Analowa nawo. Namwino ankayamba waika kadontho, kenako n'kubaya. Patapita miyezi kugeya kunachepadi, ndipo m'nyumba mwanga munabadwa katswiri.

Masiku omwewo amayi anga anabwera kudzakhala nafe. M'mimba munkawapota, chakudya chinkabwerera, diresi lomwe ndinawasokera chaka chatha linkangolendewera. Ine ndine telala, sindikanatha kutseka shopu sabata ndi sabata, ndiye amuna anga anadzipereka.

"Apongozi undisiyire ine. Galimoto ilipo, madokotala ndimadziwana nawo."

Ndikafunsa madzulo, yankho linali limodzi: akuti zikuyenda.

Kafukufuku atatha anaitana aliyense kuti akamve zotsatira, ndipo bambowa anandikakamiza kuti tipitire limodzi ndikaone mmene amawalemekezera. Kachipinda kake kanali kothina: bedi lokutidwa pulasitiki, sinki, ndi chithunzi cha munthu wojambulidwa mizere thupi lonse. Dokotala wake anali mayi wolankhula mosathamanga.

"Mukukumbukira tinakuuzani poyamba kuti pakhala magulu awiri? Ena tinkawabaya pamizere, ena tinkabaya dala pambali, kuti tiyerekeze. Inu munali m'gulu lachiwirilo."

"Pambali pa chiyani?" anafunsa amuna anga.

"Pa mizereyo. Malo anuwo tinangosankha poti sitingakuvulazeni. Pachithunzi apa palibepo."

Ine ndinaphulika nako kuseka. "Ndiye mabedishiti anga aja anafera zachabe?"

Amuna anga sanaseke. 

"Koma ine ndinachira."

"Ambiri m'magulu onse awiri akuti akupezako bwino. Chifukwa chake sitinachitsimikize."

"Nanga munthu wina atabayidwa malo omwewa? Wachikulire, woti akusanza?"

Dokotala uja anatembenukira kwa iwo.

"Wosanza ndi kuonda sitinkamulola n'komwe kulowa m'kafukufukuyu. Ameneyo amafunika kumuunika m'mimba msangamsanga. Bambo, mwabaya ndani?"

Ndinadzuka n'kutuluka. Takisi yawo sindinaidikire, ndinathamangira basi.

Amayi ndinawapeza atagona pasofa, beseni lili pansi pafupi ndi mutu. Ndinakweza nsalu yawo. M'munsi mwa mawondo, timadontho tabuluu. Pamimba, timadontho, tina titatupa n'kufiira.

"Amayi, kuchipatala munapitako liti?"

"Chipatala chake chiti, mwanawe? Akamwini anati kumeneko n'kungotenthetsa benchi tsiku lonse, iwo anaphunzira zonse. Amandibaya ukapita kuntchito. Timasingano take n'toonda, sitipweteka kwenikweni. Anati tidzakudabwitse ndikachira."

"Mukusanza zotani?"

"Zakuda. Akuti ndiye kuti matenda akutuluka."

Ndinayang'ana m'besenimo. Anali magazi.

Kunja galimoto inaima. Amuna anga analowa makiyi ali m'manja. Ndinkayembekeza kuti agwada, kapena alira. Nkhope yawo inali ikuwala.

"Mkazi wanga, tamvera, ndaganiza bwino m'njiramu. Ngati anandibaya pambali ine n'kuchira, ndiye kuti malo angawa ndi mzere watsopano umene iwowo sakuudziwa. Apongozi tingowapatsa masabata angapo."

Ndinawayang'ana kuti mwina akucheza. Sankacheza. Munthu amene ndagona naye bedi limodzi zaka zonsezi, amayi anga akusanza magazi pamaso pake, iye akuona kutchuka.

Sindinakalipe. Ndinatsitsa chikwama chachikulu pamwamba pa wadiropu, n'kulongamo madiresi a amayi, bulangete, kapu ndi sopo. Malo anatsala, ndiye ndinaikamonso zovala zanga, sizasi yanga ndi tepi yoyezera.

"Zakozo ukutengeranji? Bwerani ndikusiyeni pagalimoto, ngati wakakamira chipatalacho."

"Ndaimbira takisi ina. Dzanja lanu lisadzawakhudzenso."

"Ndiye ubwera liti?"

Ndinakoka zipi, n'kudzutsa amayi. Anali opepuka ngati mwana.

"Akatuluka m'chipatala tikakhala kwa achemwali. Mabedishiti ndakusiyirani. Ndi anu kale."