Fomu ya Achibale

Ine ndi uja anthu amanditcha Matayala. Ndinayamba ndi pampu imodzi, guluu ndi beseni la madzi m'mbali mwa msewu, kumata machubu a njinga za eni. Lero ndili ndi nyumba zitatu zosungiramo katundu, malole khumi ndi anayi, ndipo mapasipoti odzaza ndi zidindo ndili nawo anayi m'kabati. Ndaponda mayiko makumi awiri ndi atatu. Ndagona m'mahotela momwe makatani amatseguka okha. Ndanenererapo mitengo ndi zala zokha kwa anthu omwe sitimvana chilankhulo, ndipo palibe anandidyerapo masuku pamutu. Ndikunena izi kuti mudziwe kuti amene analakwitsa m'nkhani ino si chitsiru ayi.

Mzime wanga ndi wamkazi, ndipo mutu anatengera ine, ngakhale mayi ake amatsutsa. Atamaliza maphunziro a zowerengera chuma analowa pa kampani ina yaikulu ya maakauntanti, ya nyumba ya magalasi okhaokha, komwe ngakhale mlonda amavala tayi. Kumeneko achinyamata amawazungulitsa zaka ziwiri, miyezi ingapo gawo ili, miyezi ingapo gawo ilo, kenaka amene wachita bwino amamupatsa kalata yoti akhazikike. Anzake ambiri sanalandire ngakhale imodzi. Wanga analandira ziwiri.

Anabwera nazo Lamulungu masana n'kuziyala pa thebulo lodyera, mbale zisanachotsedwe. Yoyamba inali ya ku misonkho, pa nsanjika yachinayi, ntchito yokhazikika kuyambira tsiku loyamba. Yachiwiri inali ya ku ulangizi, pa nsanjika yachisanu ndi chinayi, komwe amathandiza eni makampani kupeza anthu oti aikemo ndalama kapena kugula magawo. Malipiro a uko anali okwererapo, koma munthu amayamba wayesedwa miyezi isanu ndi umodzi. Yankho linkafunika pofika Lachisanu.

Mayi ake sanachedwe. Anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, atenge ya misonkho mtima ukhale m'malo. Ine ndinaseka mpaka kutsamwa. Ndinawafunsa ngati anaonapo munthu wa misonkho m'ndege. Anthu a misonkho ndimawadziwa, ndinatero, ndi aja ovala majuzi otuwa, okalamba akuwerengera boma nkhuku za eni. Koma alangizi ndimakumana nawo pa mabwalo a ndege, kachikwama kamatayala kakuwatsata pambuyo ngati galu, foni ili kukhutu, akugulitsa fakitale yomwe sanaione ndi maso. Ndinati sindinachoke pa beseni la madzi kuti mwana wanga akathere pa nsanjika yachinayi pomwe chikepe chimafika pa yachisanu ndi chinayi.

Mwana uja anayankhula motsitsa mawu. Anati ntchito ya misonkho amaikonda. Malamulo ake amasintha chaka ndi chaka, ndipo iye amamva kukoma akapeza kachiganizo kamodzi, kobisika pa tsamba lomwe aliyense analidumpha, kopulumutsa munthu amene amafuna kutseka shopu. Anatchulanso mayi wina, mkulu wa gawolo, amene anamuphunzitsa ntchito ngati mwana wake. Ndinamumva, koma monga mmene munthu amamvera wailesi ya kwa neba. Masiku anayi otsatira ndinamuimbira foni m'mawa ndi masana. Ndinamuuza za mizinda yomwe adzaone, za anthu omwe adzagwirane nawo chanza. Lachisanu anasaina ya ulangizi. Ndinamugulira sutikesi yachikopa tsiku lomwelo.

Tsopano imvani pomwe nzeru zanga zinandiluma. Konse komwe ndayenda lamulo ndi limodzi: wobweretsa kasitomala ndiye mwana wa panyumba. Kwanga kuno wogulitsa watsopano akandibweretsera kampani ya mabasi, ngakhale azifika kuntchito dzuwa lili paliwombo, sindingamuchotse. Ine ndinali nditaganiza kale zogulitsa gawo limodzi mwa atatu a kampani yanga kuti ndimange fakitale yokonzanso matayala akutha. Ndiye ndinadzifunsa kuti ndalama imeneyi ndikaipereke bwanji kwa alangizi achilendo pomwe mwana wanga ali pa mayeso? Alowe ndi ntchito m'manja, mabwana adziwe kuti mtsikana uyu sanabwere chimanjamanja. Sindinauze munthu, ngakhale mayi ake. Ndinkafuna adzangoona dzina la bambo ake pa fayilo, adzamwetulire.

Mkulu wa ulangizi anali bambo wina wadazi, wa mawu ofewa ngati a dokotala. Ofesi yake inali pa ngodya, mawindo mbali ziwiri, tiyi wake m'timakapu tosakwana ndi pakamwa pomwe. Tinakumana katatu. Ndinamuonetsa mabuku anga ndipo ndinaona maso ake akuwala, chifukwa mabuku anga ndi oyera, ndipo kampani ngati yanga siipezeka pena paliponse. Titasainirana mgwirizano ndinatsamira pampando, ndikumuuza kuti ndili ndi kamphatso kena: mtsikana watsopano uja wa m'gawo lake ndi mwana wanga, amuyang'anire bwino.

Sanadzidzimuke. Anatseka cholembera chake mosapupuluma.

"Tikudziwa, bwana. Ndi mtsikana wakhama kwambiri."

Ndinatuluka ndikuimba likhweru m'chikepe.

Lolemba masana ndili kosungira katundu, ndikuyang'anira otsitsa matayala a mathirakitala, ndinangoona mwana wanga akubwera pakati pa milu ya matayala, nsapato zake za gogoda zikuterereka pa simenti. Sanandipatse moni. Anandipempha kuti tilowe mu ofesi, natseka chitseko yekha.

Anandifotokozera pang'onopang'ono, monga amachitira munthu ndi nkhalamba yogontha. Chaka chilichonse wantchito aliyense pa kampani ija amalemba fomu yotchula mabizinesi a makolo ake, a mwamuna kapena mkazi wake, a abale ake a bere limodzi. Bizinesi yotere ikakhala kasitomala, wantchitoyo saloledwa kuyandikira ntchitoyo. Fayilo satsegula, mumsonkhano salowa, ngakhale kukhala m'chipinda chomwe anzake akukambirana salolezedwa. M'gawo lawo munali anthu asanu ndi anayi. Ntchito yanga, poti inali yaikulu, inatenga asanu ndi mmodzi. Awiri anali kunja akumaliza ntchito ina yomwe sinkafunanso munthu. Wotsala anali iye. M'mawa umenewo anamusamutsa pa desiki lake n'kumuika panja pa chipindacho, pafupi ndi makina ojambulira mapepala.

Ndinati nanga vuto lili pati, apume, malipiro azilandirabe. Apa ndi pomwe anandiuza za maola. Lachisanu lililonse aliyense amalemba mu kompyuta nthawi yomwe wagwirira kasitomala aliyense, ngakhale mphindi khumi ndi zisanu. Woyesedwa amamuweruza ndi maola amenewo. Wopanda kasitomala alibe maola, ndipo wopanda maola alibe ntchito.

"Ababa, mukanangondifunsa," anatero. "Funso limodzi lokha."

Ndinamuuza kuti asadandaule, bambo ake anatulutsapo kontena padoko pomwe aliyense ankati siituluka. M'mawa mwake ndinali kwa wadazi uja. Ndinamuuza kuti mgwirizano uthe, chindapusa chomwe chalembedwamo ndilipira lero lomwe, mwana wanga abwerere pa desiki lake. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenaka anati ufulu umenewo ndili nawo. Koma ndiganizire bwino, anatero. Ntchito yanga ndiyo inali yaikulu ya chaka chimenecho. Ndikaichotsa, anthu asanu ndi mmodzi akhala manja lende, akuluakulu anzake afunsa chifukwa, ndipo dzina lomwe lidzatchulidwe ndi la mtsikana uja. Munthu amene wataitsa kampani ntchito yotere, ndani angamusainire kalata?

Ndinamufunsa chifukwa chomwe sanandichenjezere ndisanasaine, pomwe fomu ya mwana wanga inali mu kompyuta yake, dzina la kampani yanga lili pamenepo.

"Simunafunse, bwana. Ndipo za antchito athu sitikambirana ndi makasitomala."

Ndakumanapo ndi akuba a mitundu yonse. Wina anandigulitsa kontena ya matayala opakidwa polishi, wina anathawa ndi lole yanga mpaka kuwoloka malire awiri. Onsewo ankatuluka thukuta pondinamiza. Uyu ayi. Anaika pa sikelo ndalama yanga mbali iyi, mwana wanga mbali iyo, naona kolemera, n'kundithirira tiyi.

Potsika ndinaimitsa chikepe pa nsanjika yachinayi. Kunalibe makapeti okhuthala ngati kumwamba kuja, koma mashelefu a mabuku onenepa ndi anthu owerama. Mkulu wa misonkho anali mayi wamfupi, magalasi ake ali pa kachingwe m'khosi. Nditadzitchula sanandipatse mpando. Ndinamupempha kuti amutengenso mwana uja, ndipo ndinapempha ndithu, ine amene ngakhale ku banki sindipempha. Anati malo aja anawasunga masiku khumi kupyola tsiku loikika, akuyembekezera kuti mwina mtsikanayo asintha maganizo, mpaka anadzudzulidwa nazo. Tsopano muli wina, mnzake wa mwana wanga yemwe, ndipo sangamuchotse. Malo ena adzatseguka pakatha zaka ziwiri, ndipo adzakhala a omwe akuzungulira pano.

"Mwa ana onse amene ndaphunzitsa, wanuyu ndiye anali ndi diso," anatero akuvala magalasi ake. "Anandiuza kuti bambo ake akuti kuno ndi kwa majuzi otuwa. Pitani bwino, bambo."

Miyezi isanu ndi umodzi ija ndinaiona ndi maso anga, chifukwa sabata iliyonse ndinkapita kumisonkhano komweko. Ndikatuluka m'chikepe ndinkamupeza mwana wanga pa kadesiki kaja, akumanga mabuku a malipoti a anthu ena, akuika mapepala m'makina akatha. Lamulo silinkalola kuti tizicheza pamalopo. Ankangoimirira n'kunena kuti takulandirani, bwana, chipinda chachiwiri kumanja. Anzake akamatuluka mumsonkhano wanga akuseka, ankati akamuona n'kutseka pakamwa. Ndinamva kwa mayi ake kuti anamupatsa dzina loti Kasitomala.

Sindinakhale pansi. Ndinapita kwa mnzanga woitanitsa simenti, kwa wina wa mafiriji, kwa mlamu wanga wa sukulu zolipira, kuwauza kuti apititse ntchito ku kampani ija ndipo atchule kuti akufuna mtsikana wakuti. Wasimenti anati chaka chamawa. Wamafiriji anapita, koma wadazi anamuuza kuti makasitomala sasankha antchito, ndipo poti wabwera kudzera mwa ine, ndi bwino mtsikanayo asakhudzidwenso. Mlamu wanga anangondiseka, nati safunsa anadya phula, ndipo phula langa ndagula ndi ndalama zambiri.

Kunyumba kunazizira. Mayi ake anasiya kundifunsa za ulendo uliwonse. Ndinabwera ndi mafuta onunkhira ochokera kutali, anakhala m'katoni momwemo. Mwana uja ankadzuka m'mawa, kusita bulauzi, kupita kukakhala pafupi ndi makina aja, osajomba ngakhale tsiku limodzi, osadandaula. Kusadandaulako ndi komwe kunkandipweteka. Akanandilalatira bwenzi nditapeza poyankhira.

Ntchito yanga inayenda bwino, ndisaname. Anyamata a wadazi anandipezera ogula atatu, anawapikisanitsa, ndipo mtengo womwe ndinalandira sindinaulotepo. Fakitale ija ikumangidwa pano, ndipo idzakhala yaikulu kuposa iliyonse yomwe ndinaona m'maulendo anga kumbali ino ya nyanja. Tinasainirana Lachitatu, m'chipinda chachikulu, anatijambula zithunzi tikugwirana chanza. Lachisanu la sabata yomweyo mwana wanga analandira kalata ya mizere inayi. Maola ake sanakwane. Ankamufunira zabwino zonse.

Ndinamuuza kuti abwere kwanga. Ofesi ya pa ngodya, galimoto, udindo wa mkulu wa zachuma, chilichonse chomwe angatchule. Anandithokoza mwaulemu ngati akuthokoza mlendo, nati ayi. Miyezi itatu analembera makampani ena akuluakulu, koma kumeneko amafunsana, ndipo munthu amene sanapyole mayeso kwina samuyang'ana kawiri.

Pano akugwira kwa nkhalamba ina yomwe ili ndi ofesi ya zipinda ziwiri pamwamba pa shopu ya utoto ndi misomali. Amalembera misonkho eni magolosale, osoka zovala, a magalaja. Malipiro ake safika ngakhale pa a dalaivala wanga wamkulu. Mwezi watha ndinakwera masitepe ake opapatiza, nditanyamula ndekha mafayilo a misonkho a makampani anga onse, ntchito yoti nkhalamba ija ikanagula nayo nyumba yonseyo. Mwana wanga ndinamupeza akufotokozera mayi wina wogulitsa nsalu kanthu kena m'buku lonenepa, chala chili pa mzere, nkhope yake ili gwa pa ntchito. Ndinadikira pa benchi mpaka anamaliza.

Anayang'ana mafayilo aja, kenaka anayang'ana ine.

"Ababa, inu muzibwera, tiyi tizimwa. Koma mapepala anu musadzabwere nawonso kuno."

Ndinatsika nawo masitepe aja. Pofika pansi ndinali ndikupuma movutikira, ndipo mwini shopu ya utoto, amene sankandidziwa, anandifunsa ngati kumwambako andikana chifukwa chochedwa kubweretsa mapepala. Ndinamuuza kuti eya, ndinachedwa.