Ino Nyumba ni Yanu

Mkulu wanga Judith ali ndi matenda amodzi: mawu amawameza momwe atulukira m'kamwa mwa munthu. Kondakitala wa minibasi akakuwa kuti kwatsala munthu mmodzi, iye amakwera n'kumasuzumira pawindo kuti munthu mmodziyo wafika pati. Ndakhala ndikumuseka kuyambira tili ana ku Katete, koma chaka chino kuseka kwandithera.

Kwa zaka khumi ndi ziwiri Judith wagwira ntchito ya m'nyumba kwa mayi wina dzina lake Sophie, kuseri kwa mpanda wautali, pafupi ndi komboni ya Ng'ombe komwe Judithyo ankachita lendi. Ana atatu a m'nyumbamo anakulira kumsana kwake. Alendo akabwera, mayiyo ankamugwira paphewa n'kunena kuti, "Aba si banchito, ni bakulu banga. Ba Judith, ino nyumba ni yanu." Judith akamandibwerezera mawu amenewa, maso ake ankachita kuwala.

Mu Febuluwale mvula inagwa masiku anayi osakata, ndipo khoma la chipinda chake linagwera mkati. Anapulumutsa chikwama cha zovala, bulangete ndi mbaula. Atandiimbira foni ndinamuuza kuti abwere kwanga ku Mtendere.

"Iwe Belinda uli na chipinda chimozi na bamuna bako," anatero. "Nizayenda kuli ba madamu. Kumbuyo kuli kanyumba kosungilamo matayala chabe."

"Judith, vija vinali vokamba chabe."

"Munthu angakambe chinthu zaka zonse izi osachitanthauza?"

Anapitadi, chikwama pamutu, mbaula m'manja. Zimene zinachitika pageti anandiuza yekha.

"Ba Judith, ni vichani ivi?" anafunsa mayi Sophie.

"Nyumba yagwa, madamu. Nabwela ku nyumba yanga inangu."

Mayiyo anayamba waseka. Ataona kuti Judith sakuseka, nkhope inamuuma. "Mayo, ba Judith! Kaja ni kakambidwe chabe. Nikakamba ati nafa na njala, mumayenda kugula bokosi?"

Katunduyo anamulola kuika m'galaji. Judith anakolopa, anachapa, anasita monga mwa masiku onse, koma tsiku lonselo mayiyo sanamuyang'ane kumaso. Dzuwa litapendeka anamuitana. "Mwavutika maningi. Yendani mukapumuleko. Nizakutumilani foni."

Judith anafika kwanga atanyowa mpaka m'mawondo. Ndinakwiya kwambiri, ndipo mayi uja ndinamutukwana mpaka anansi anatuluka kudzamvetsera. Kenako ndinamugwira mkulu wanga paphewa n'kumuuza kuti kwawo ndi kuno, akhale mpaka adzafune yekha kuchoka.

Papita milungu itatu. Judith ankapumuladi, poti anauzidwa kuti akapumule. M'mawa uliwonse ankasita diresi lake la kuntchito, foni ili pambali, ikangolira iye n'kudumpha. Ine ndinali nditamva kale kuti pachingwe cha mayi Sophie pakuyanika munthu wina, koma ndinasowa poyambira. Pakati pa chipinda chathu tinapachika nsalu. Mwamuna wanga Mwewa, yemwe amalawirira kukaumba njerwa, ankachita kudumpha miyendo ya mlamu wake kuti apeze chitseko. Sabata yoyamba ankapepesa. Yachiwiri anasiya. Yachitatu anayamba kundifunsa chonong'ona kuti zimenezi zitha liti, ndipo ine ndinkangoti tione kaye.

Dzulo titabwera kutchalitchi, Mwewa anakagona kuseri kwa nsalu ija. Judith anatenga diresi lija, analipinda bwinobwino n'kuliika pansi penipeni pa chikwama.

"Kupumula kuja ni kuchosedwa nchito, ai?" anandifunsa.

"Ee," ndinavomera.

Sanalire. Bola akanalira, chifukwa bata lakelo linandiopsa.

"Manje nayamba kuphunzila," anatero. "Ati nafa na njala, palibe bokosi. Ati nyumba ni yanu, palibe nyumba." Kenako anandiyang'ana. "Nanga iwe, Belinda? Unakamba ati nikhale mpaka nikafune neka kuchoka. Ni vazoona, olo ni kakambidwe chabe?"

Ndinatsegula pakamwa. Yankho linali lalifupi, ndipo ndinkayenera kulipereka msanga. Kuseri kwa nsalu Mwewa anatsokomola, munthu woti alibe chifuwa.

Judith anayang'ana nsaluyo, anayang'ana ine, n'kuyamba kupinda bulangete lake.