Girisi pa Bulauzi ya Chigwirizano

"Asiyatu, mwaniika pamoto," anatero Mai Yunesi, akuponya foni patebulo losokerapo.

Asiyatu anaimitsa makina. Iyeyu anali telala wachisilamu pamsika wa Katete, ndipo pa Fesibuku anali ndi tsamba limene ankalembapo za amayi ovala hijabu, kunena kuti nsalu ya kumutu siphimba nzeru. Mai Yunesi, a shopu yoyandikana nayo, ankakonza njinga zamoto, luso lomwe malemu amuna awo anawasiyira. Awiriwa anali pachibale chogawana mbatata imodzi.

Pafonipo panali chithunzi. Sabata yathayo Mai Yunesi, pochokera kozonda odwala, anapeza njinga yonyamula mayi wodwala yafera pamsewu, amuna atatu akungoizungulira. Anagwada pomwepo atavala yunifomu ya Chigwirizano, bungwe la amayi a mpingo wawo: bulauzi yoyera, siketi yakuda ndi duku. Njinga inalira, koma bulauzi inada ndi girisi. Asiyatu, amene ankadutsa pomwepo, anajambula, nalemba pansi pake kuti, "Ndani anati duku ndi sipanala n'zosayendera limodzi?" Anthu zikwi ziwiri anachikonda.

"Nanga si nakutamandani, asisi?"

"Kutamanda kwanu kwanipachika. Yunifomu ija sitigwirira nchito, ni yolumbirira. Manje amai apampando akuti naisandutsa ovololo, nalengezera bizinesi. Aniitana Lachisanu. Anganivule."

Anawavekatu yunifomuyo zaka khumi ndi zinayi zapitazo, ndipo ankafuna kudzaikidwa nayo m'manda. Asiyatu anagwira hijabu yake pachibwano. Manyazi anamugwira, pakuti munthu amene ankalalikira dziko lonse za ulemu wa chovala anali asanafunsepo kamodzi komwe tanthauzo la cha mnzake.

Lachisanu, atatuluka ku mzikiti, Asiyatu analunjika ku tchalitchi. Amayi anali atakhala m'khonde, mbuu! Apampando, Mai Doreen, mphunzitsi wopuma amene sankaseka wamba, anamuyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Mwasokera, mwanawe?"

"Iyayi amai, nabwera pamlandu wanga. Mai Yunesi sanadziwe kuti nikuwajambula. Anathandiza wodwala, ndalama sanalandire. Wolengeza ndine."

"Walira mvula walira matope," anatero Mai Doreen. "Munafuna kutchuka, matope agwera mnzanu. Inu wina atakujambulani mulibe chakumutucho, n'kukuikani pafoni, mungamve bwanji?"

"Ningalire, amai."

Anatulutsa foni. Pazaka zitatu akulemba, panalibe nkhani yake imene inayendapo ngati iyi. Anthu a ku Sinda, a ku Vubwi ngakhale a ku Lusaka anali atayankhapo. Zinamuwawa, tisaname. Koma anaifafaniza amayi onse akuona, nawerenga mokweza mawu opepesa amene analemba m'malo mwake.

Amayi ananong'onezana kwa kanthawi. Wina anakumbutsa kuti Msamariya uja sanayambe wapita kwawo kukasintha zovala.

"Yunifomu ikhale," anagamula Mai Doreen. "Koma girisi uja achoke pabulauzi, ndipo m'chikwama muziyenda ndi chitenje."

Mai Yunesi anaombera m'manja pang'onopang'ono, misozi ikutsika. Pobalalika, apampando anawakokera pambali.

"Njinga ya abambo kwathu ikutsokomola m'mawa uliwonse. Anyamata okonza njinga angotidyera ndalama. Mukaione, koma mutavula izi."

M'mawa mwake Asiyatu anawapeza Mai Yunesi atagwada pa njingayo, ali mu ovololo ya malemu amuna awo, duku lakale lamaluwa kumutu. Anaima pakhomo, foni ili m'manja kumbuyo.

"Odi, asisi. Ningajambule?"

"Lero mwaphunzira odi?" anaseka Mai Yunesi. "Bwerani kuno mugwire sipanala. Foniyo mupatse wina, tionekere tonse."