Tsache la Apongozi mu Situdiyo

Mabingu anatha zaka zisanu ndi zinayi akumenya ng'oma m'bandi yawo ya chamba cha roko, koma nyimbo yopeka yekha inali imodzi basi. Chimbale chilichonse anzake ankangoti, "Chotsatiracho, achimwene." Ulendo uno anailola mwachisoni, ndi lamulo limodzi: ikakanika kujambulika Lachinayi masana, m'malo mwake mulowa nyimbo ya woimba wawo, yolira chibwenzi ngati zina khumi zomwe zinalimo kale.

Bandiyo inkayeserera m'galaja ya apongozi ake a Mabingu, yogundana khoma ndi chipinda chawo chosokeramo zovala. Nyimboyo ikafika pakati, pomwe magitala amalira ngati akuphedwa, mayiwo ankamenya khoma ndi mpini wa tsache: gu, gu, gu, gu. Amuna anayi a ndevu zawo ankanjenjemera, n'kutsitsa phokoso, n'kulowa ndime yomaliza monyang'ama. Zinkatero Loweruka lililonse kwa zaka zitatu, ndipo palibe anazindikira kuti pokoma pa nyimboyo ndi pamenepo.

Tsono makoma a mu situdiyo ndi omata masiponji, sayankha munthu. Lachinayi lija akujambula, atafika pakati paja, aliyense anadikira. Wagitala anangokanda mawaya osadziwa polekera, wabesi anayang'ana kudenga, Mabingu n'kuthamanga yekha ngati galimoto yoduka mabuleki. Anabwereza kasanu ndi kamodzi.

"Kodi pamenepa mumadikira chiyani?" anafunsa mkulu wojambula, akuvula mahedifoni.

Onse anayang'anana. Wabesi, munthu wosadziwa kumeza mawu, anati, "Apongozi."

Atamufotokozera, wojambulayo anaseka mpaka kupukuta misozi, kenako anawaikira kugunda kanayi kuja pa kompyuta. Sizinathandize. Kompyuta imagunda bwino ndithu, koma siopsa munthu. Woimba uja anali atayamba kale kukonza kukhosi, akung'ung'udza ya chibwenzi ija, ndipo Mabingu mtima unamuwawa zedi. Anasiya timitengo pa ng'oma n'kupempha ola limodzi.

Anawapeza apongozi akupinda mpendero wa thalauza la munthu, mapini atatu ali pakamwa. Anaima pakhomo atagwira chipewa m'manja.

"Mayi, ndabwera ndi pempho lochititsa manyazi."

"Mwayambana ndi mwana wanga?"

"Ayi, mayi. Tikufuna mukatimenyere khoma."

Mayiwo anachotsa mapini aja limodzilimodzi, n'kumuyang'ana pamwamba pa magalasi kwa nthawi ndithu. Anasintha nsapato, natenga tsache lawo.

Ku situdiyo anawakhazika pampando, n'kuwaimikira thabwa patsogolo pa maikolofoni. Mahedifoni anawakana, ati amaphwanya tsitsi. Nyimbo inayamba, magitala analira, ndipo pamalo pake penipeni thabwa linayankha kanayi. Misana ya amuna aja inazizira monga mwa masiku onse, ndime yomaliza n'kutsetsereka bwinobwino mpaka kumapeto. Wojambula anakweza chala chachikulu. Nyimbo ya Mabingu inali italowa m'chimbale.

Chimwemwe chinamupatsa Mabingu mphamvu yolankhula zomwe anasunga zaka zitatu.

"Zikomo, mayi. Komanso mutikhululukire, takhala tikukusokoserani nthawi yonseyi."

"Kusokosera ndani? Makina anga amaposa inu phokoso."

"Nanga khoma lija?"

"Mumathamanga, bambo. Mukafika pamenepo mumamenya ngati mwasiya mphika pamoto. Ine kupondaponda makina zaka makumi atatu, phazi langa silinama. Ndinati ndimuwongolere mwamuna wa mwana wanga, angakachite manyazi pagulu."

Wabesi anayamba kumanga chingwe cha nsapato chomwe chinali chomanga kale. Woimba anatulukira kunja, mapewa akugwedezeka. Mabingu anayang'ana timitengo take. Iye ndiye wang'oma, ntchito yake yonse padziko ndi kusunga liwiro la nyimbo, ndipo ankaisungiridwa ndi telala wa kuseri kwa khoma. Manyazi anamugwira, komabe pansi pa manyaziwo panali kenakake kofunda, poti mayi amene ankawayesa mdani wa nyimbo yake ndi okhawo ankaimvetsera bwino.

Wojambula anatsegula maikolofoni yake mwaulemu.

"Mayi, ngati muli ndi kanthawi, pali nyimbo zina zitatu zomwe bambowa akuthamanganso."

Apongozi anakhazikika bwino pampando, natembenuza tsache m'manja.

"Zitatu zokha?"