Mphira wa Chubu Padzanja la Makaniko

Makaniko wa pagalaja ya pangodya anali katswiri woti injini yakufa ikangomva mapazi ake inkadzuka yokha. Koma Lachitatu lina chitsulo chinamucheka pachikhatho, ndipo anachita zomwe amachita anzake onse pagalajapo: anathira mafuta a mabuleki pabalapo n'kupitiriza ntchito.

Pofika Lachisanu dzanja linali litatupa, lofiira, lotentha ngati redieta. Poopa kuti poizoni akwera kumtima, anadula mphira wa chubu n'kumanga mkono kuti gwa. Mkazi wake atabwera ndi chakudya chamasana anayang'ana dzanjalo. Zala zinali zitayamba kuda, ndipo bamboyo sankamva n'komwe kuti wagwira sipanala.

Mayiyo anathamanga kukaitana mng'ono wake, namwino, yemwe tsikulo anali pa tchuthi.

"Alamu, dzanjali mwatopa nalo?" anafunsa namwinoyo akumasula mphirawo.

Makaniko anayankha monyada kuti watsekera matenda njira. Namwinoyo anapukusa mutu. Anafotokoza kuti pamalo povulala pamatuluka timadzi tonyamula uthenga, tokhala ngati kukuwa kopempha thandizo. Mitsempha ikalandira uthengawo imatakasuka, magazi n'kubwera ambiri. Kufiira, kutentha ndi kutupa kumachokera pamenepo. Maselo oyera a m'magazi, asilikali a thupi, amalondola timadzito ngati nyerere pa shuga. Amadzipanikiza kudutsa khoma la mtsempha, n'kulunjika kumene uthenga wachuluka, kukadya tizilombo.

"Ndiye inu mwawotcha mnofu ndi mafuta, kenako mwafinya paipi ya petulo. Galimoto ingayende?" anatero namwinoyo.

Makaniko anakhala pa tayala. Zaka makumi awiri akumanga mabala a anzake ndi mphira, osadziwa kuti akutsekera kunja asilikali owathandiza. Anayang'ana zala zakezo n'kufunsa motsitsa mawu ngati kuchipatala akazidula.

Anapita kuchipatala nthawi yomweyo. Adokotala anati akanachedwa pang'ono zala ziwiri zikanapita. Anatsuka balalo, kuchotsa mafinya, kumubaya jakisoni wa kafumbata ndi kumupatsa mankhwala. Patatha milungu itatu makanikoyo anamasula yekha nati yomwe inakanika amuna awiri.

Bala litsukeni ndi madzi oyera ndi sopo, muliphimbe ndi nsalu yoyera. Musathiremo mafuta a galimoto, ndipo chotupa musachimange ndi mphira. Kutupa kukamakula, mafinya akatuluka kapena thupi likatentha, asilikali anu akufuna thandizo: pitani kuchipatala tsiku lomwelo.