Ng'ona ya Simenti ya Ada Manda

Ada Maxon Manda anawachotsa pampando mwaulemu kwambiri, ulemu uja umawawa kuposa mbama. Mwini paki, a Jones Kamanga, anawaitanira mu ofesi, kuwatsekulira botolo la chakumwa chozizira, n'kuwauza kuti gulu lokonza zoseweretsa lizitsogoleredwa ndi Vanessa, mtsikana wa ku Lilongwe wodziwa kujambula mapulani pakompyuta. Iwo apume, agwira ntchito yaikulu. Ada Manda anamwa botolo lonse, n'kuthokozanso. Mtima unayamba kuwapweteka atafika kale pamsewu.

Pakiyo ili pakati pa msewu waukulu ndi nyanja, kumwera pang'ono kwa msika wa Chintheche. Kwa zaka makumi awiri ndi zitatu, chilichonse chimene mwana anakwerapo mmenemo chinachokera m'mutu mwa Ada Manda. Pepala sankalidziwa. Ankajambula pamchenga ndi kamtengo, amisiri awo anayi atawazungulira, ndipo chikamangidwa ankachiyesa okha masana dzuwa lili paliwombo, osavala nsapato, kuti amve ngati chingawotche phazi la mwana. Koma mwana wawo weniweni anali ng'ona ya simenti, yaitali kuposa basi. Ana ankakwera makwerero, kulowa kukamwa kwake, n'kutsetsereka mumdima akukuwa mpaka kutulukira kumchira.

Vanessa sanathe sabata asanaipeze ndi ming'alu. Zitsulo za m'kati zachita dzimbiri, anatero, igwetsedwe.

Nkhaniyi itamveka, gulu la pa Watsapu la okonda pakiyo linawira. Munali anthu mazana anayi ndi khumi, ndipo amene ankaliyendetsa, Wonder, anawalowetsamo Ada Manda tsiku lomwelo. Foni yawo, imene chimwalirire mkazi wawo Christie inkangolira pakagwa maliro, tsopano inkanjenjemera osapuma.

"Paki ija ndi Ada Manda, Ada Manda ndiwo paki. Ena onsewa ndi alendo," analemba wina wodzitcha Mwana wa Nyanja.

"Mtsikana wa ku Lilongwe akudziwa chiyani za kwathu? Kusambira komwe satha ameneyo."

"Ine ndinataya dzino m'mimba mwa ng'ona ija, ndipo sindidandaula mpaka lero."

Wina anayesa kunena kuti mwina nthawi yasintha, ana a masiku ano akufuna zatsopano. Anamuthira mawu mpaka anatuluka yekha m'gulumo.

Ada Manda ankawerenga zonsezi pakhonde, magalasi ali kunsonga kwa mphuno, chala chikuyenda pansi pa mawu monga amachitira ndi buku la nyimbo. Mayinawo sankawazindikira. Uyu Bwana Wamkulu, uyu Kamtsikana ka Yesu, zithunzi zake za magalimoto ndi maluwa. Koma zinalibe kanthu. M'nyumba imene munkangomveka phokoso la wailesi, anthu mazana anayi anali kuwatchula dzina. Kunena zoona, zinawakomera. Anayambanso kumeta ndevu tsiku ndi tsiku.

Lachitatu anabwerera kwa a Kamanga, foni ili patsogolo.

"Ada, ndaona," anatero a Kamanga. "Koma ine anthu a m'foni sindikambirana nawo. Abwere pano ndiwaone ndi maso. Akakwana makumi asanu okha, ng'onayo sitigwetsa, tiyikonza. Akapanda kubwera, Lolemba nyundo zilira."

Ada Manda analemba uthengawo ndi chala chimodzi, zinawatengera theka la ola. Loweruka, naini koloko, pageti la paki. Amene abwere aonetse.

Ndipo anaonetsadi. Tizala tachikasu tolozetsa kumwamba tinayamba kugwa pansi pa uthengawo, tina timitima tofiira, tina timanja topemphera. Iwo anatiwerenga kawiri: zana limodzi ndi makumi atatu mphambu zisanu ndi chimodzi. Tsono muwamvetse. Munthuyu wakhala mkulu wa mpingo ku Bandawe kwa zaka zambiri, ndipo kumeneko mukafunsa amene abwere kudzaumba njerwa, wokweza dzanja mawa lake amafika ndi khasu. Akalephera amatuma mawu. Kwa Ada Manda chala chokwezedwa chinali dzanja lokwezedwa, basi.

Nkhawa yawo inangokhala ya pokhala anthu. Anabwereka mabenchi asanu kutchalitchi, n'kuwatuta limodzilimodzi pawilibala. Anapempha mayi woyandikana nawo awafululire chindongwa, thobwa la kunoko, ndowa ziwiri, kuti anthu asayime padzuwa kukhosi kuli gwa. Loweruka anavala jekete ya Lamulungu, n'kufika pageti isanakwane eyiti.

Naini inakwana. Minibasi yochokera ku Nkhata Bay inaima, iwo n'kuimirira, kukonza kolala. Munatsika mayi ndi dengu la usipa, nawoloka msewu osacheuka. Ina yochokera ku Dwangwa inatsitsa banja la ana atatu. Bamboyo anawapatsa moni, kufunsa ngati pali ukwati, kenako n'kulowa m'paki. Teni inadutsa. Mthunzi wa mtengo wa mango unachoka pamabenchi, iwo n'kuwakokera komwe wapita, onse asanu, poti anthu akhoza kufika nthawi imodzi. Ntchentche zinapeza ndowa zija.

Foni yokha ndiyo sinawasiye. "Zikuyenda bwanji kumeneko, Ada?" "Tiponyereni zithunzi!" "Musagonje, tili pambuyo panu!" Ada Manda anacheukadi. Kumbuyo kwawo kunali mpanda wa paki ndi mutu wa ng'ona ukuonekera pamwamba pake, penti ya m'mano itasuluka.

Cha m'ma leveni panatuluka munthu pageti, chisoti cha ntchito chili m'manja. Anali Vanessa. Anagwada pang'ono popereka moni.

"Mwe uli, Ada?" Chitonga chakecho chinali chophunzira dzulo, koma anayesa.

"Nde umampha, mama. Khalani, malo alipo."

Anakhala kumapeto kwa benchi. Anawapempha foni, iwo n'kumupatsa, ndipo anatsekula mndandanda wa anthu a m'gulumo, umene iwo sankadziwa n'komwe kuti ulipo.

"Taonani manambalawa, Ada. Oyamba chonchiwa ndi a ku Joni ndi ku Kepi. Awa ndi a ku Tanzania. Awa ku Mangalande. Wonder amene ali ku Kepi, amagwira ntchito m'hotela. A kuno kwathu alipo mwina makumi atatu, ndipo ambiri ndi a ku Mzuzu ndi ku Lilongwe."

Ada Manda anayang'ana manambalawo nthawi yaitali. Ankadziwa, monga aliyense wa kunyanja kuno adziwira, kuti ana amakula n'kukwera basi. Nyumba iliyonse ili ndi wake kunja. Chimene sanaganizepo n'chakuti ana onse amene anawatulutsira kumchira kwa ng'ona ija anapita, onse, ndipo paki imene ankaimenyera nkhondo m'fonimo inali ya m'mutu mwawo, ya nthawi imene anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri.

"Ndiye sananame," anatero mwakachetechete. "Kungoti ali kutali."

"Sananame. Amakukondani." Vanessa anazunguza chisoti chija m'manja. "Ine sindidana nayo ng'onayi, Ada. Ndalowamo ndi tochi. Denga lake likuyoyoka, tsiku lina lidzagwera mwana."

Iwo sanatsutse. Mng'alu wa pakhosi pake anauona chaka chatha, naupaka simenti pamwamba, osauza munthu. Anatunga chindongwa m'kapu n'kumupatsa. Mtsikanayo anamwa, kuthokoza, nabwerera kuntchito, poti kunali amisiri omudikira, aja anayi omwewo.

Anatsala okha ndi mabenchi. Anasungulumwa kuposa tsiku loika Christie, chifukwa tsiku limenelo anthu analipo.

Foni inanjenjemeranso. Anali Wonder. "Ada, tonse tikudikira. Anthu anabwera bwanji?"

Anayamba kulemba kuti palibe ndi mmodzi yemwe. Analemba mawu awiri, n'kuima. Anaganiza za mnyamatayo ataima kuseri kwa khitchini ya eni ake, foni atabisa m'thumba la epuloni, akukhulupirira kuti kwawo kudakali anthu odzaza geti. Anafufuta.

"Yewo ukongwa nonse amene munabwera," analemba, kuthokoza m'Chitonga. "Tinacheza bwino. Ng'ona yakalamba, Lolemba ipuma."

Timitima tinayamba kugwa nthawi yomweyo, makumi, kenako kupitirira zana, aliyense akuthokoza anzake amene anamuimirira. Ada Manda anazima foni, kuvula jekete, n'kukweza benchi loyamba pawilibala.